Mutu wa Mauritius pa chishango cha mzinda wa Coburg

Tsiku limene ndidafika ku Coburg, mzinda wa anthu opitirira pang'ono 40,000 umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Itz kumpoto kwa chigawo cha Bavaria m'dziko la Germany, nkhope yoyamba yofanana ndi yanga imene ndidaiona sidali ya munthu wamoyo. Idali pansi, pakati pa miyala ya msewu, youmbidwa pa chivundikiro chachitsulo chotseka dzenje lolowera ku ngalande za pansi pa mzinda. Idali nkhope ya mwamuna wa ku Africa yoonekera cham'mbali, ya tsitsi lopotana, milomo yochindikala ndi ndolo yaikulu kukhutu. Ndidaima kuiyang'ana kwa kanthawi ndithu pamene anthu ena ankangodutsa, ena akuiponda osaiona n'komwe, ndipo nditadzutsa maso ndidazindikira kuti nkhope yomweyo ikupezekanso pa makoma a nyumba zakale, pa zikwangwani za khonsolo ndi pa tizinthu togulitsa kwa alendo. Chimenechi ndicho chizindikiro cha mzindawu, chimene eni ake amachitcha Coburger Mohr, ndipo chiyambire tsikulo nkhani yake sidachoke m'mutu mwanga.

Sindibisa kuti chimene ndidamva poyamba chidali kuwawidwa mtima. Munthu wa ku Africa amene wakhalako ku Ulaya amazidziwa zithunzi za mtundu umenewu, zimene kwa zaka zambiri zinkaikidwa pa mapaketi a khofi, koko ndi chokoleti posonyeza munthu wakuda ngati wantchito wongomwetulira kapena ngati chinthu choseketsa ana. Ndidaganiza kuti ndakumana ndi chimodzi mwa zimenezo, ndipo ndidadzifunsa kuti mzinda wathunthu ungachinyadire motani. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditayamba kufufuza ndidapeza kuti mutuwu ndi wakale kwambiri kuposa mapaketi aja, kuti mwini wake ali ndi dzina, ndiponso kuti amene adauchotsa pa chishango cha mzindawu mu 1934 adali a chipani cha Nazi. Zimenezi sizidathetse kuwawa kuja, koma zidandikakamiza kuti ndiyambe ndamvetsa ndisanaweruze.

Chimene Ajeremani amachitcha Wappen ndi chizindikiro chojambulidwa pa chishango, chonga chija timachiona pachikuto cha pasipoti kapena pamwamba pa makalata a boma. Mwambowu udayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100 pakati pa ankhondo okwera pa akavalo, amene ankajambula nyama, mitanda ndi mizere pa zishango zawo kuti azidziwika, ndipo posakhalitsa zizindikirozo zidasanduka cholowa cha banja, chimene mwana ankalandira monga mmene munthu amalandirira mfunda kwa makolo ake. Pambuyo pake mabishopu, nyumba za amonke, mabungwe a amisiri ndi mizinda adayambanso kukhala ndi zawozawo. Kwa mzinda, chizindikirocho chinkayambira pa chidindo chimene ankadinda pa phula pansi pa kalata, ndipo kukhala ndi chidindo chakechake kunkasonyeza kuti mzindawo ukhoza kupangana mapangano ndi kuchitira umboni m'dzina lake, osadikira kuti mbuye wa dziko aulankhulire. Amisiri a ntchitoyi adali ndi malamulo awo okhudza mitundu. Golide ndi siliva ankazitcha zitsulo, pamene kufiira, kuda, kubiriwira ndi buluu idali mitundu wamba, ndipo lamulo linkati chitsulo chisagone pa chitsulo chinzake, mtundu usagone pa mtundu unzake, kuti chithunzi chizioneka bwino ngakhale munthu ali patali. Chishango cha Coburg chimatsata zimenezi mokwanira, pakuti ndi mutu wakuda pa golide, wa milomo yofiira ndi ndolo yagolide, woyang'ana kudzanja lamanzere la munthu amene akuchiona.

Pali chinthu chimodzi m'mwambowu chimene ndikuona kuti ndicho gwero la mkangano wonse wa ku Coburg, ndipo ndichoti pa chishango salembapo dzina. Wojambula amachotsa zonse zimene angathe kuchotsa n'kusiya kachinthu kamodzi kodziwika msanga, ndipo tanthauzo lake limatsalira m'mitima ya anthu amene adauzidwa nkhaniyo. Nkhaniyo ikakhala ikukambidwabe, chithunzicho chimamveka. Ikaiwalika, kapena akafika mlendo amene sadaimvepo, chithunzicho chimanena zimene maso ake akuona basi.

Dzina la Coburg limapezeka koyamba m'kalata ya chaka cha 1056, yokhudza malo amene Richeza, amene adakhalapo mfumukazi ya ku Poland, adapereka kwa bishopu wamkulu wa ku Cologne. Mu 1248 deralo lidalowa m'manja mwa banja la Henneberg, limene chizindikiro chake chidali thadzi la nkhuku litaima paphiri, chifukwa m'Chijeremani Henne ndi thadzi ndipo Berg ndi phiri, kotero kuti chishango chawo chinkangotchula dzina lawo m'chithunzi. Nkhuku imeneyi ndiyo imaoneka pa chidindo chakale cha mzindawu pamodzi ndi linga. Mu 1353 Coburg idapita kwa banja la Wettin kudzera mu ukwati wa Katharina wa ku Henneberg ndi Friedrich wa ku Meissen, ndipo nkhuku idasiyira malo mkango wakuda wa ku Meissen, umene umaima pa golide. Mutu wa munthu wakuda udayamba kuoneka pang'onopang'ono pambali pa zizindikiro za ambuyewa, poyamba pa ndalama zachitsulo zosulidwa mumzindamo m'zaka za m'ma 1300, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1500 udali utalowa pa chidindo cha khonsolo, mpaka udatsala wokha monga chizindikiro cha mzinda. Mmene ndikuonera ine, nkhuku ndi mkango zidali za anthu olamulira, amene ankabwera ndi kupita malinga ndi maukwati ndi magawano a chuma, pamene mutuwu udali wa anthu a mumzinda eni ake, popeza udachokera ku tchalitchi chawo chachikulu, chimene nkhoswe yake ndi Mauritius Woyera. Tchalitchicho chilipobe mpaka lero pafupi ndi msika, ndipo amachitcha Morizkirche, kutanthauza tchalitchi cha Moriz, kumene ndi katchulidwe kawo ka dzina lomwelo.

Owerenga ambiri akamva dzina la Mauritius amaganiza za chilumba cha m'nyanja ya India. Dzina ndi lomwelo, ngakhale chilumbacho chidalilandira mu 1598 kuchokera kwa amalinyero a ku Netherlands amene ankalemekeza mtsogoleri wawo Maurits wa ku Nassau. Mauritius wa pa chishangoyu ndi wakale kwambiri kuposa pamenepo. Nkhani yake idalembedwa m'zaka za m'ma 400 ndi Eucherius, bishopu wa ku Lyon, amene akusimba za gulu la asilikali a Roma okwana 6,600 lotchedwa gulu la ku Thebes, mzinda wakale wa kumtunda kwa mtsinje wa Nile ku Egypt, pamalo pamene lero pali Luxor. Asilikaliwa adali Akhristu, ndipo mtsogoleri wawo adali Mauritius. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 200 adatumizidwa kutsidya la mapiri a Alps kukatumikira Kaisara Maximian, ndipo ali pamalo otchedwa Agaunum, m'chigwa cha mtsinje wa Rhône, adalamulidwa kukazunza Akhristu anzawo. Iwo adakana. Maximian adalamula chilango chodziwika cha Aroma, chopha munthu mmodzi pa anthu khumi aliwonse, ndipo otsalawo atakanabe, adabwereza chilangocho kachiwiri. Pamenepo, malinga ndi Eucherius, asilikaliwo adatumiza uthenga kwa Kaisara wonena kuti iwo ndi asilikali ake ndithu ndipo adzamenya nkhondo ndi adani ake, koma adalumbira kwa Mulungu asanalumbire kwa mfumu, ndipo sangadetse manja awo ndi magazi a anthu osalakwa. Adali ndi zida m'manja, koma sadazigwiritse ntchito podziteteza, ndipo onse adaphedwa.

Akatswiri a mbiri yakale akhala akukayikira nkhaniyi kwa nthawi yaitali, makamaka chiwerengero cha ophedwawo, popeza idalembedwa patapita zaka zoposa 100 chichitikireni zimene ikusimba. Komabe zimene nkhaniyi idabala n'zooneka ndi maso. Mu 515 Sigismund wa ku Burgundy adakhazikitsa nyumba ya amonke pamalo paja, ndipo nyumbayo ikadalipo m'tauni imene lero imatchedwa Saint-Maurice ku Switzerland, kumene akhala akupemphera kwa zaka zoposa 1,500. Mpingo wa Katolika umakumbukira Mauritius ndi anzake pa 22 September. Chimene chimandikhudza ine m'nkhaniyi ndi mtundu wa kulimba mtima kumene ikuyamikira, pakuti msilikaliyu sakumbukiridwa chifukwa cha nkhondo imene adapambana, koma chifukwa cha lamulo limene adakana kulitsata.

Mauritius adafika ku Germany ndi mphamvu m'nthawi ya Otto Woyamba, mfumu ya ku Germany, amene mu 937 adamanga nyumba ya amonke m'dzina lake ku Magdeburg, m'mbali mwa mtsinje wa Elbe, nabweretsako ena mwa mafupa a woyerayu, ndipo mu 968 adakweza mzindawo kukhala likulu la bishopu wamkulu. Kuyambira pamenepo Mauritius adasanduka nkhoswe ya ufumu wonse. Mkondo wopatulika umene mafumu a ufumuwo ankasunga pakati pa zida zawo zachifumu unkatchedwa mkondo wa Mauritius, ndipo lupanga limene linkanyamulidwa pa mwambo wolonga mfumu linkatchedwanso ndi dzina lake. Pano pali chinthu chimene sindifuna kuchibisa, chifukwa chimasonyeza kuti woyerayu wakhala akugwiritsidwa ntchito mosiyanasiyana kuyambira kale. Magdeburg idali pamalire, ndipo mafumu amene ankapemphera kwa msilikali wokana kupha osalakwa ndi omwewo amene ankapita ndi dzina lake kukagonjetsa mitundu ya Asilavo kum'mawa kwa Elbe.

Eucherius sadanene kanthu za khungu la Mauritius, ndipo kwa zaka mazana ambiri ojambula a ku Ulaya ankamujambula ngati mzungu mnzawo. Koma dzina lakelo lidali ndi mawu ake. Limachokera ku liwu la Chilatini lakuti Maurus, limene Aroma ankatchulira anthu a ku Mauretania, kumpoto chakumadzulo kwa Africa, ndipo liwu lomwelo ndilo lidabala liwu la Chijeremani lakuti Mohr, limene m'kupita kwa nthawi lidayamba kutanthauza munthu aliyense wakhungu lakuda. Munthu wochokera ku Egypt, wa dzina lotere, sakadalephera kuganiziridwa ngati wa ku Africa. Cha m'ma 1240 mmisiri wina wosema miyala ku Magdeburg adachita chimene chidali chisanachitikepo, ndipo adasema Mauritius ngati mwamuna wakuda wa ku Africa, wovala malaya achitsulo a msilikali wa ulemu wa nthawi imeneyo. Kuchokera ku Magdeburg kajambulidwe kameneka kadafalikira m'madera a pakati ndi kum'mawa kwa Germany mpaka ku Bohemia. Cha m'ma 1520 Matthias Grünewald adajambulira Albrecht wa ku Brandenburg, bishopu wamkulu wa ku Magdeburg ndi Mainz, chithunzi chimene lero chili ku Munich, mmene Mauritius wakuda, wovala zida zasiliva zonyezimira, akulankhula ndi Erasmus Woyera maso ndi maso monga munthu ndi mnzake. Mutu wa ku Coburg ndi mphukira ya mtengo umenewu. Anthu amene adayamba kuusula pa ndalama zawo ankaika pamenepo nkhoswe imene ankaipempha kuti iwapempherere kwa Mulungu, ndipo adaiika pamalo aulemu kuposa ena onse amene mzinda uli nawo.

Chidandichititsa chidwi ndi chakuti woyerayu adapulumuka ngakhale kusintha kwa chipembedzo. Coburg idatsatira chiphunzitso cha Martin Luther msanga, ndipo Luther mwiniyo adakhala mu linga lalikulu la paphiri, Veste Coburg, kuyambira April mpaka October 1530, pamene anzake adapita ku msonkhano wa ufumu ku Augsburg kumene iye sakadatha kufika popanda kuika moyo wake pachiswe. Adalalikira mu Morizkirche momwemo. Mzinda udasiya kupemphera kwa oyera mtima, koma sudasiye Mauritius. Pamwamba pa nyumba ya khonsolo, moyang'anana ndi msika, paima kachiboliboli kake katagwira ndodo yaulamuliro wa nkhondo, ndipo anthu a ku Coburg amakatcha Bratwurstmännle, kutanthauza kamwamuna ka soseji, chifukwa amati ndodoyo ndiwo muyeso wa kutalika koyenera kwa soseji yawo yotchuka, imene amaiwotcha pamsika pomwepo pa moto wa zipatso zouma za mitengo ya paini. Ena angaone ngati kumeneku ndi kupeputsa, koma ine ndidamvamo chikondi cha anthu amene akhala ndi munthu kwa nthawi yaitali mpaka kumuyesa wa pakhomo. Ndidamvamonso chiyambi cha kuiwala, pakuti msilikali wofera chikhulupiriro akayamba kudziwika ndi soseji, ndiye kuti nkhani ya ku Agaunum yayamba kuzilala.

Mbiri ya Coburg m'zaka za m'ma 1900 ndi yolemera kuisenza. Mzindawu udali likulu la banja lachifumu la Saxe-Coburg ndi Gotha, kumene kudachokera Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain, ndipo chiboliboli cha Albert chili pakati pa msika. Ufumu utatha pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu a ku Coburg adavota kuti alowe m'chigawo cha Bavaria, ndipo adalowadi mu 1920. Mu October 1922 Adolf Hitler adafika mumzindawu pa sitima ndi anyamata ake ankhondo mazana angapo, adaguba m'misewu ndi kumenyana ndi otsutsana nawo, ndipo chipani chake chidakumbukira tsikulo ngati chipambano chachikulu. Mu 1929 chipani cha Nazi chidapeza mipando 13 mwa mipando 25 ya khonsolo, ndipo Coburg idakhala mzinda woyamba m'dziko lonse kulamulidwa ndi chipanichi. Mu 1931 mbendera ya swastika, chizindikiro cha chipani cha Nazi, idakwezedwa pa nyumba ya khonsolo, ndipo Franz Schwede wa chipanicho adakhala meya. Mu 1932 mzindawu udapatsa Hitler ulemu wa unzika wapadera, iye asanakhale n'komwe mtsogoleri wa boma. Ayuda a mumzindamo adayamba kuzunzidwa msanga kuposa a m'malo ena ambiri.

Anthu otere sakadapirira kuona nkhope ya munthu wa ku Africa pa chidindo chawo. Mu 1934 adachotsa Mauritius n'kuikapo chishango chogawidwa pakati, mbali ina yakuda ina yagolide, chokhala ndi lupanga loloza pansi ndi swastika pachigwiriro chake. Ndimabwerera kawirikawiri ku kusinthana kumeneku, chifukwa kumanena zambiri kuposa zimene osinthawo ankadziwa. Adachotsa msilikali amene adatula lupanga lake pansi pokana kupha anthu osalakwa, ndipo pamalo pake adaikapo lupanga lopanda munthu, pa nthawi imene dziko lawo linkakonzekera kufuna kwa asilikali ake kumvera kopanda funso. Chizindikiro chatsopanocho chidakhala zaka 11. Mu 1945, nkhondo itangotha, akuluakulu a mzinda adabwezeretsa mutu uja, ndipo kwa anthu ambiri a ku Coburg kubwerera kwake kudakhala umboni wakuti nyengo yamdima ija yatha. Munthu amene sadziwa mbali imeneyi sangamvetse chifukwa chimene anthu achikulire a kumeneko amakwiyira akamva wina akunena kuti chizindikirocho chichotsedwe, pakuti m'makutu mwawo pempholo limamveka ngati la 1934.

Pempho lotere lidabweradi mu 2020, chaka chimene imfa ya George Floyd ku America idadzutsa mikangano ya tsankho m'mayiko ambiri. Pa intaneti padaikidwa chikalata chopempha kuti chizindikiro cha Coburg chisinthidwe, ena adaika china chotsutsa, ndipo khonsolo sidasinthe kanthu. M'chaka chomwecho akuluakulu a chigawo cha Mitte ku Berlin adagamula kuti msewu wa Mohrenstraße upatsidwe dzina la Anton Wilhelm Amo, katswiri wa nzeru zakuya wochokera kudera limene lero ndi Ghana, amene adaphunzira ndi kuphunzitsa ku Halle, Wittenberg ndi Jena m'zaka za m'ma 1700. Opempha kusinthaku adanena zinthu ziwiri zimene sindingazikane. Choyamba n'chakuti liwu lakuti Mohr, kaya lidayamba bwanji, ladutsa m'zaka za malonda a akapolo ndi za utsamunda, pamene Germany inkalamulira Togo, Cameroon, Namibia ndi Tanganyika, ndipo lero anthu akuda ambiri a ku Germany amalimva ngati mwano. Chachiwiri n'chakuti chithunzi chimene chili pa chishango panopa sichionetsa woyera mtima aliyense. Palibe chisoti chankhondo, palibe mkondo, palibe mtanda, palibe ngakhale kuwala kozungulira mutu kumene ojambula amaika pa oyera mtima. Chimene chatsala ndi milomo yofiira yokulitsidwa ndi ndolo, zinthu ziwiri zenizeni zimene ojambula a nthawi ya utsamunda ankagwiritsa ntchito akafuna kunena kuti uyu ndi wachilendo, si mmodzi wa ife.

Oteteza chizindikirochi amayankha kuti cholinga chake chidali ulemu, ndipo pamenepo akunena zoona. Koma ndikuona kuti akulakwitsa poganiza kuti cholinga cha makolo chimakhalabe m'chithunzi mpaka kalekale ngati mmene mchere umakhalira m'ndiwo. Mwana wakhungu lakuda wobadwira ku Coburg, amene anzake a kusukulu amamulozera chivundikiro cha mumsewu n'kumuuza kuti ndi iyeyo, sathandizidwa ndi zimene zinkachitika m'mitima ya anthu a m'zaka za m'ma 1300. Nawonso amene akufuna kuti mutuwu ungochotsedwa ndikuona kuti akutaya chinthu chamtengo wapatali chimene sichipezeka kawirikawiri. M'mbiri ya Ulaya muli zithunzi zambirimbiri za munthu wa ku Africa atagwada, atanyamula katundu kapena ataimirira kumbuyo kwa mpando wa mbuye wake, ndipo n'zochepa kwambiri zimene zimamuika pamwamba monga mtetezi amene mzinda wonse umabisala pansi pa dzina lake. Kufafaniza chimodzi mwa zochepazo kungathandize bodza lakuti munthu wakuda adayamba kuoneka ku Ulaya monga kapolo, pamene miyala ya ku Magdeburg ikuchitira umboni kuti zaka 200 Apwitikizi asanayambe kutenga akapolo kugombe la kumadzulo kwa Africa, Ajeremani ankagwada pamaso pa chifanizo cha munthu wakuda ndi kupempha mapemphero ake.

Ndikudziwa kuti ndine mlendo pa nkhaniyi, ndipo mzinda ndi wa eni ake, akuda ndi oyera omwe, amene ayenera kukhala pansi ndi kumvana. Koma ndikadafunsidwa, ndikadati Mauritius akhale, koma abwezeredwe zimene adalandidwa. Malamulo a zishango salimbana ndi zimenezi, chifukwa amangotchula zinthu zoyenera kuoneka ndi mitundu yake, ndipo m'badwo uliwonse umajambula mwa njira yake. Mutu wa ku Coburg womwewu wajambulidwa mosiyanasiyana m'zaka mazana apitawa, ndipo maonekedwe amene ali pa makalata a khonsolo lero ndi a pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Palibe chimene chingaletse mzindawu kupempha mmisiri waluso kuti ajambule nkhope ya munthu weniweni, ya milomo ya munthu, yokhala ndi kachizindikiro kosonyeza kuti uyu ndi msilikali ndiponso woyera mtima. Palibenso chimene chingawaletse kumutchula ndi dzina lake m'malo mwa liwu lija, pakuti kwathu munthu amene umamulemekeza sumutchula ndi maonekedwe a khungu lake. Za zivundikiro za mumsewu, ndikumvetsa kuti mizinda yambiri ya ku Germany imaika zizindikiro zawo pamenepo, koma pali kusiyana pakati pa kuponda kiyi wa ku Bremen kapena kavalo wa ku Stuttgart ndi kuponda nkhope ya munthu.

Patapita miyezi ingapo ndidapita ku Magdeburg kuti ndikaone ndi maso anga chiboliboli chija. Tchalitchi chachikulu cha kumeneko, chimene chidayamba kumangidwa mu 1209 chakale chitapsa ndi moto, chili m'dzina la Mauritius ndi Katharina Woyera, ndipo manda a Otto Woyamba ali m'kati mwake, kufupi ndi guwa. Mauritius waima chapafupi pomwepo. Miyendo yake idaduka kalekale, mkondo umene adaugwira udatayika, ndipo utoto wake watsala pang'ono chabe, koma nkhope yake ili yonse, yozunguliridwa ndi chovala cha maunyolo achitsulo chimene chaphimba mutu ndi khosi. Mphuno yake ndi yotambalala, milomo yake ndi yodzaza monga mmene ilili ya abale anga, ndipo palibe chimene chidakulitsidwa kapena kuchepetsedwa. Alibe ndolo. Amene adamusema ayenera kuti adakhalapo pamaso pa munthu wa ku Africa ndi kumuyang'anitsitsa mwaulemu kwa nthawi yaitali, pakuti nkhope yotere munthu sangaipeke m'mutu. Maso ake amayang'ana patsogolo modekha, ngati munthu amene wamva lamulo, waliganizira, ndipo wadziwa kale chimene ayankhe. Ndidakhala pa benchi moyang'anana naye mpaka woyang'anira tchalitchi adayamba kuzimitsa magetsi, ndipo ndidatuluka ndikuganiza za amalume anga amene adamwalira, amene nkhope yawo inkakhala chimodzimodzi akamamvetsera mlandu pabwalo.